Kunyonyomala ndi Citsulo

Anyamata a ku Kafue amene asenza matumba a feteleza adziwa kuti miyendo ikafooka, msana ndiwo ulira. Mankhwala ace ndiwo kunyonyomala ndi citsulo, mwa njira zitatu tsiku limodzi. Munthu ayambe ndi citsulo colemera pa mapewa, atsike kasanu. Pamenepo ciuno ndi msana zilimba. Kenaka acepetse kulemera, aike citsulo pa cifuwa, atsike kakhumi, kuti nchafu zikule. Atsirize ndi mwendo umodzi kutsogolo, pakuti mwendo waulesi ubisala pamene iwiri igwira pamodzi. Paul Anderson, amene analandira mendulo ya golidi ku Melbourne mu 1956, anapeza mphamvu zace m'kunyonyomala. Zidendene zisacoke pansi, ndipo papite masiku awiri munthu asanabwerezenso.