Mibadwo Itatu ya Nkhondo M'banja Mwathu: Mawu a pa Msonkhano Wapachaka

 Komiti inandipempha kuti ndilankhule za moyo wanga wa usilikali. Ndavomera, koma mundilole ndiyambire kumene ndinachokera, pakuti m'banja mwathu nkhondo inayamba kutipeza ine ndisanabadwe.

Kuchikazi kwathu ndife Achewa a mfunda wa Phiri, ochokera kufupi ndi phiri la Chongoni m'boma la Dedza. Agogo anga aakazi ankatha kutchula amayi asanu otsatizana, kuyambira amayi awo kubwerera m'mbuyo, ndipo woyamba pa onsewo ndi amene anathawira ndi ana m'mapanga a m'phirimo pa nthawi ya nkhondo za Angoni. Chodabwitsa n'chakuti kuchimuna kwathu ndife Angoni omwewo, a kwa Maseko, amene mfumu yawo, Gomani woyamba, inaphedwa ndi Azungu m'chaka cha 1896. Bambo anga anachoka ku Ntcheu nadzakhala mkamwini pakati pa zidzukulu za anthu amene makolo awo ankawathamangitsa. Choncho m'thupi mwanga muli magazi a wothawa ndi a wothamangitsa.

M'badwo woyamba kulowa nkhondo ya Azungu unali wa agogo anga aamuna, bambo a mayi anga. Iyi ndi nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene akuluakulu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya chifukwa cha mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza. Agogo sanagwire mfuti ayi. Iwo ndi mng'ono wawo anatengedwa kukakhala atengatenga, kusenza katundu wa asilikali pamutu kulowera ku Karonga mpaka m'dziko la Ajeremani, limene lero ndi Tanzania. Amuna a dziko lino amene anagwira ntchito imeneyi analipo pafupifupi 200,000, pamene ovala yunifomu analipo pafupifupi 19,000. Ambiri anafa ndi njala, kamwazi ndi chibayo, osati ndi chipolopolo. Agogo anabwerako ali mafupa okhaokha. Mng'ono wawo anatsala m'njira, namukwirira pansi pa mtengo popanda chizindikiro. Dzina lake silinalowe m'buku lililonse la boma. Linasungidwa m'kamwa mwa agogo aakazi, amene ankalitchula nthawi zonse akamawerenga abale.

M'badwo wachiwiri ndi wa bambo anga ndi amalume. Ine ndinabadwa m'chaka cha 1936, kotero nkhondo yachiwiri itayamba mu 1939 ndinali mwana wongoyamba kuzindikira. Mu 1942 onse awiri anapita ku Zomba kukalembetsa ku King's African Rifles, imene ife tinkangoti Keyala. Anaphunzira usilikali, napita ku Kenya, kenaka anakwera sitima ya pamadzi kunka ku Ceylon, imene tsopano ndi Sri Lanka. Mu 1944 anali ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, kumenyana ndi Ajapani m'nyengo ya mvula yosakata, m'matope ndi udzudzu, kufikira mtsinje wa Chindwin.

Ife ana a kumudzi sitinamve kulira kwa mfuti, koma nkhondo tinaiona ndi maso. Tinaiona m'minda, mmene amayi ankagalauza okha. Tinaiona pa nsalu, zimene zinasowa m'masitolo kufikira anthu ena kubwerera ku chiwondo ndi masaka. Tinaiona makamaka pa kalata. Kalata ikafika, mudzi wonse unkasonkhana kwa mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi, pakuti ndi iye yekha amene ankadziwa kuwerenga. Amayi ankakhala pansi atagwira m'chibwano, kuyang'ana nkhope ya mphunzitsiyo asanatsegule pakamwa. Tsiku lina nkhopeyo inasintha, ndipo maliro anayamba iye asanamalize kuwerenga. Amalume anali atamwalira ku Burma.

Ana inu a masiku ano mwina simungamvetse kulemera kwa imfa imeneyi. Pa Chichewa, malume ndiye mwini mbumba. Ndiye woweruza milandu ya alongo ake, ndiye nkhoswe, ndiye woganizira tsogolo la ana a alongo akewo. Ife tinasanduka nkhuku zopanda khola. Bambo atabwera mu 1946 anachita chinthu chimene akamwini ambiri sankachita nthawi imeneyo: anasenza udindo wonse wa ana awo. Ndalama zimene analandira potuluka usilikali anagulira makina osokera, nakhala pakhonde la sitolo kusoka zovala. Makina amenewo ndi amene anatidutsitsa pa njala ya 1949, ndipo ndi amene analipira fizi yanga pasukulu pano. Bambo ankati sakufuna kuti mwana wawo adzadikire munthu wina kumuwerengera kalata.

M'badwo wachitatu ndi ineyo. Ndinalowa Keyala ku Zomba m'chaka cha 1956, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Popeza ndinkadziwa kulemba ndi kuwerengera, sindinachedwe kukhala kopolo, kenaka sajeni. Pamenepo ndi pamene ndinaona phindu la masamu ndi Chingerezi zimene aziphunzitsi athu ankatikakamiza ndi chikoti. Chaka chovuta koposa chinali 1959. Pa 3 Malichi boma linalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, anthu ambiri anamangidwa, ena anaphedwa, ndipo ife ovala yunifomu ya Mfumukazi tinkayang'anizana ndi abale athu enieni. Msilikali aliyense wa nthawi imeneyo ankagona ndi mtima wolemera.

Chitaganya chinatha kumapeto kwa 1963, ndipo pa 6 Julaye 1964 tinalandira ufulu. Bataliyoni yoyamba ya Keyala inasanduka Malawi Rifles. Ndinali munthu woyamba m'banja mwathu kuchitira sawatcha mbendera ya dziko langa. Agogo anasenzera katundu mfumu ya ku England imene sanaione. Bambo anamenyera nkhondo dziko limene linkawalipiritsa msonkho. Ine ndinapatsidwa mwayi wotumikira kwathu. Ndinaona Mmalawi woyamba, General Graciano Matewere, akukhala mkulu wa asilikali mu 1972. Ndinagwirako ntchito ku Cobbe Barracks, ku Kamuzu Barracks ndi ku Moyale Barracks ku Mzuzu, dzina limene limatikumbutsa malo a m'malire a Kenya ndi Ethiopia kumene asilikali a dziko lino anamenya nkhondo mu 1940. Ndinapuma ntchito nditatumikira zaka 27.

Tsono n'chifukwa chiyani ndakufotokozerani zonsezi? M'chaka cha 2021, bungwe losamala manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission linavomereza poyera kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondo yoyamba ija, ambiri a iwo Aafirika, sanakumbukiridwe ndi maina awo monga anachitira ndi Azungu. Mng'ono wa agogo anga ndi mmodzi wa iwo. Pa chipilala cha Keyala ku Zomba pali maina a asilikali, koma atengatenga ambirimbiri alibe mwala. Ngati ife eni ake sitiwasunga, adzafa kachiwiri.

Pempho langa kwa bungwe lathu ndi ili. Aliyense wa ife, pa tchuthi chikubwerachi, agule kope, apite kumudzi, akhale pansi ndi wamkulu amene watsala. Afunse mfunda wa kuchikazi ndi wa kuchimuna, mudzi umene makolo anachokera, amene anapita ku nkhondo, ku Joni kapena ku Halale, amene anabwerako ndi amene sanabwereko. Alembe maina onse, ngakhale a ana amene anafa ali akhanda. Ndikupemphanso a Mphunzitsi Wamkulu kuti atipatse shelefu imodzi m'laibulale yosungirapo makope amenewa. Langa ndabwera nalo, lili ndi mibadwo isanu ndi iwiri, ndipo ndilipereka kwa mlembi wathu tikatha pano. Anzanga amene ndinalowa nawo pasukulu pano tatsala owerengeka, ndipo kumidzi kwanu zinthu zili chimodzimodzi. Musadikire chaka chamawa.

Akuluakulu anati chibale n'fupa, sichiola. Koma fupa limene mwini wake waiwalika limangokhala fupa la m'tchire.