Munthu Amene Adavala Dzina la Mwana Wakufa

Nkhani ya lero ikuchokera ku America, koma ikukhudza aliyense amene ntchito yake ndi kulemba maina a anthu m'mabuku a Boma ndi kudinda zitupa.

M'mwezi wa July chaka cha 2002, m'tauni ya Eastlake, m'chigawo cha Ohio, mudapezeka mtembo wa bambo wina wachikulire amene adadzipha m'nyumba yake ya lendi. Onse ankamudziwa ndi dzina la Joseph Newton Chandler III. Ku banki adasiya madola pafupifupi 82,000, ndipo pofunafuna abale oti alandire chumacho ndi pamene zidaululika kuti mwini wake weniweni wa dzinalo adali mwana wa zaka 8 amene adafa pa ngozi ya galimoto ku Texas mu 1945, pamodzi ndi makolo ake. Pamenepo nkuti mtembo wa bamboyo utatenthedwa kale, popanda zidindo za zala zake.

Kodi kuba kotereku kudatheka bwanji? Mwanayo adabadwira ku Buffalo, m'chigawo cha New York, koma adafera ku Texas, ndipo masiku amenewo buku la obadwa la chigawo china silinkafanizidwa ndi buku la akufa la chigawo chinzake. Kotero mu 1978 bambo uja, ali ndi kalata ya kubadwa ya mwanayo, adapempha nambala ya Social Security ku Rapid City, South Dakota, ndipo adapatsidwa. Mwa mapepala adali wa zaka 41. Munthu wamkulu chotere wofuna nambala yogwirira ntchito kwa nthawi yoyamba adayenera kudabwitsa kalaliki watcheru.

Nkhaniyi itafika pa intaneti, anthu wamba ambiri adasanduka ofufuza. Ankayerekeza zithunzi zake ndi zojambula za apolisi, ena nkumati ndi Zodiac, chigawenga chimene chidapha anthu ku California chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ena nkumati ndi D.B. Cooper, amene adalanda ndege mu 1971. Makhalidwe ake adasonkhezera moto: analibe anzake, ankasunga sutikesi yolongedza kale, ndipo tsiku lina adayenda pa galimoto mpaka ku Maine kukagula katundu, koma atasowa poimika galimoto adangotembenuka kubwerera kwawo. Chodabwitsa nchakuti pa mphekesera zonsezi, ochepa okha ndiwo ankalola kuti mwina adali munthu wamba. Ambiri ankafuna kugwira chilombo chotchuka.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Chimene chidathandiza ndi kachidutswa ka mnofu wake kamene chipatala chidasunga atamuchita opaleshoni ya khansa mu 2000. Peter Elliott, mkulu wa US Marshals kumpoto kwa Ohio, adatenga nkhaniyi mu 2014 napititsa kamnofuko kukayezedwa DNA. Apa nkoyenera kuwachitira chilungamo anthu odzipereka, pakuti amene adamaliza ntchitoyo adalinso a pa intaneti: gulu la DNA Doe Project, limene pa nthawiyo linkatsogozedwa ndi Colleen Fitzpatrick ndi Margaret Press. Iwo adasiya zongoyerekeza nkhope, nalondola mibadwo ya achibale mmodzimmodzi mpaka kupeza mwana wake wamwamuna, amene DNA yake idagwirizana ndi ya malemuyo.

Pa 21 June 2018 adalengeza dzina lake lenileni: Robert Ivan Nichols, wobadwa mu 1926 ku New Albany, Indiana, msilikali wa pamadzi amene adavulala pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse nalandira mendulo ya Purple Heart. Tsiku lomwelo Elliott adapempha anthu kuti athandizenso kupeza chimene bamboyu ankathawa. Nichols adasiya mkazi ndi ana atatu mu 1964, ndipo uthenga wake wotsiriza udali envulopu imene mwana wake adalandira mu 1965 kuchokera ku California, m'kati mwake muli kobiri limodzi.