TIDZIWE ZA M'NKHOKWE TISANAMANGE INA



Mlimi wanzeru akakolola sangotseka nkhokwe ndi kukagona. Amaiyendera, namwaza dzanja m'cimanga kuti aone ngati anankafumbwe alowa. Mtundu wa anthu nawonso uli ndi nkhokwe zake. Izi ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi malaibulale. Muno m'Zambia tili ndi Livingstone Museum, imene inayamba m'caka ca 1934 ndipo isunga makalata ndi katundu wa David Livingstone. Ku Mbala kuli Moto Moto Museum, yocokera pa zinthu zimene anasonkhanitsa Bambo Jean-Jacques Corbeil. Ku Ndola kuli Copperbelt Museum, ndipo mu Lusaka muli Lusaka National Museum, yotsegulidwa mu 1996, pamodzi ndi National Archives of Zambia.

Makolo athu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mlendo aona zooneka bwino m'magalasi, koma zocuruka zili m'zipinda za kumbuyo kumene safika. Mu 2011 mabungwe a ICCROM ndi UNESCO anafunsa nyumba zotere 1,490 m'maiko 136, ndipo pafupifupi ziwiri mwa zitatu zilizonse zinayankha kuti malo osungiramo katundu anacepa. Katundu wounjikana sayenderedwa, ndipo cimene sicinayenderedwe cimaonongeka popanda wodziwa.

Ndico cifukwa cake tinena za kalembera. Nchito imeneyi siifuna makina odula. Ifuna anthu odekha, buku ndi colembera. Alowe cipinda ndi cipinda, nalembe cinthu ciliconse, cimene cinapangidwa naco, pamene caikidwa, ndi m'mene cilili lero. Ng'oma ndi zigoba za mtengo adani ake ndi ciswe ndi tizirombo toboola mitengo. Zikopa, nthenga ndi nsalu zidyedwa ndi njenjete. Mabuku ndi makalata aopa mphemvu, makoswe ndi cinyezi, pakuti cinyezi ca m'mpweya cikapyola magawo 65 pa 100 nkhungu iyamba kumera. Dzuwa lifafaniza zithunzi, ndipo pepala la nyuzipepala lisanduka lofiira ndi lothetheka cifukwa ca asidi amene ali m'kati mwake. Makaseti a mau a agogo athu ali pa ngozi ziwiri, pakuti tepi yeniyeniyo imakalamba, ndipo makina oiimbira akusowa.

Olemba aonenso nyumba yeniyeniyo: denga ngati lidontha, nthambo za magetsi ngati zakalamba, ndi zozimira moto ngati zilipo. Tsoka silinunkha. Mu December 2015 moto unanyeketsa laibulale ya Mzuzu University ku Malawi. Mu September 2018 National Museum ya ku Rio de Janeiro ku Brazil, imene inali ndi zinthu pafupifupi 20 miliyoni, inapsa usiku umodzi. Mu April 2021 moto wa m'thengo unalowa mu Jagger Library ya University of Cape Town ndi kuononga mabuku ambiri a mbiri ya Africa. Pakacitika zotere, cimene sicinalembedwe kapena kujambulidwa cimapita cosasiya ngakhale dzina.

Kalembera akatha, tidziwa poyambira. Ndalama sizidzakwanira zonse pa nthawi imodzi, motero tiyambe ndi cinthu cimene cilipo cimodzi cokha pa dziko lonse ndipo cili pafupi kuonongeka. Buku losindikizidwa tingaligulenso, koma kalata ya pamanja ya mfumu ilibe inzake. Zina ndi zosafuna cuma cambiri: kucotsa mabokosi pansi ndi kuwaika pa mashelefu, kusesa fumbi, kumata denga, ndi kujambula zolembedwa kuti makope ake akhale ku malo ena. Ndiponso boma ndi abwenzi otithandiza amamva msanga pempho la munthu amene anena kuti mabokosi akutiakuti anyowa, kusiyana ndi uja angoti zinthu zavuta.

Nchitoyi siya osunga nyumbazi okha ai. M'mabwalo a mafumu muli mabuku a milandu, m'machalichi muli mabuku a ubatizo, ndipo m'masutikesi a kwathu muli zithunzi za anthu amene maina awo adziwika ndi nkhalamba zocepa zotsala. Tikabwerera kumudzi titsegule masutikesi amenewa, tifunse akuluakulu, tilembe maina ndi zaka pa pepala lapadera akali ndi moyo otiuza.