Kucotsa Madzi m'Migolo ya Pantuni

Mtsinje wa Chongwe, umene uthira m'Zambezi, udzala msanga nyengo ya dzinja. Motero onse oolotsa anthu pa pantuni kapena pa phaka la migolo ayenera kusamala.

Pantuni iyandama cifukwa ca mpweya wotsekeredwa m'migolo yace yacitsulo. Dzimbiri likaboola mgolo, madzi alowa pang'onopang'ono. Malita 200 a madzi alemera makilo 200, ndipo madziwo athamangira ku mbali yotsika, naipendeketsa pantuni.

Woolotsa wanzeru agogoda mgolo uli wonse m'mamawa. Wopanda madzi ulira ngati ng'oma, koma wa madzi sumveka bwino. Akaupeza wotere, akokera pantuni kumtunda, nakweza mbali imodzi, natsegula citsekero kuti madzi aturuke. Kukakhala kosatheka kuikoka, awapopa ndi pampu.

Pofuna kupeza cibowo, apoperamo mpweya pang'ono cabe, pakuti wocuruka ung'amba mgolo. Pamenepo apaka madzi a sopo m'misoko, ndipo pofufuma thobvu ndipo pali cibowo. Mgolo umene unasungamo petulo suyenera kuochereredwa usanatsukidwe bwino, cifukwa uphulika.

Katundu wopitirira muyeso nayenso agubuduza pantuni. M'caka ca 2003 lole yolemera kopambana inagubuduza pantuni ya pa Kazungula, ndipo anthu 18 anamira m'Zambezi. Ulalo unatsegulidwa pamenepo m'caka ca 2021, koma pa madooko opanda ulalo moyo wa apaulendo ukali m'manja mwa woolotsa.