Mwana Wakumbuyo ndi Mlendo

Funso lathu lero ndi ili: kodi chidani chimene ena ali nacho pa amuna kapena akazi okondana okhaokha chimachokera kuti?

Tiyambire pamsika wa Chezi, m'mbali mwa msewu wa Lilongwe kupita ku Salima, pamene amayi amagulitsa tomato ndi kabichi ana ali kumbuyo. Mwana akaona mlendo amayamba wayang'ana nkhope ya mayi wake. Mayiyo akamwetulira, nayenso amatambasula dzanja. Mary Ainsworth, amene anafufuza za makanda ku Uganda m'zaka za 1954 ndi 1955, anapeza kuti mwana wodziŵa kuti akalira atonthozedwa amalimba mtima pa zachilendo. Koma woleredwa mosamkhazika mtima amakula ndi nkhaŵa. Mu 2001 akatswiri Mikulincer ndi Shaver anaonetsa kuti ngakhale wamkulu, akakumbutsidwa za anthu omukonda, saipidwa kwambiri ndi osiyana naye. M'mera mpoyamba.

Muzu wina, wozama koposa, uli m'kapembedzedwe. Mu 1992 Altemeyer ndi Hunsberger a ku Canada anapeza kuti amene amati mpingo wao wokha ndiwo uli ndi choonadi chonse, ndipo kufunsa ndi tchimo, ndiwo amaŵada kwambiri anthu otere. Chimabala chidani si kupemphera ayi, koma kuumitsa khosi popemphera. Mantha a paubwana akakumana ndi ulaliki wosalola funso, dzanja limafulumira kutola mwala.

Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendo. Mu 2010 Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anagamulidwa kukhala m'ndende zaka 14, koma Pulezidenti Bingu wa Mutharika anaŵakhululukira. Mu 2023 atsogoleri a zipembedzo anatsogolera zionetsero zokana maukwati otere, ndipo mu 2024 bwalo loona za malamulo oyendetsera dziko linakana kuchotsa malamulo oletsa mchitidwewu.

Za malamulo tisiyire oweruza, za chiphunzitso tisiyire abusa ndi mashehe. Koma wonyozedwa pamsikayo, wothamangitsidwa pakhomo usikuyo, anaberekedwa kumbuyo ngati ife tomwe. Makolo inu, mwana wanu adziŵe kuti pakhomo panu mpothaŵira, kuti akadzakula asadzaope mnzake mpaka kumugenda. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.