Tiimvere Kaye Mpaka Kumapeto

Nthawi yomwe ndapatsidwa ndi yochepa, ndiye sindizungulira.

Loweruka lapitali anzathu anayi amene amagwira magitala a kalabu anatiimbira nyimbo yawo yatsopano. Isanafike n'pakati pomwe, tinayamba kuseka. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Kodi kwagwa zovuta?" Inenso ndinaseka nawo, ndisaname. Nyimboyo inali yodekha, gitala akulira mokoka, ng'oma ikugunda mwa apo ndi apo, mawu ochepa zedi. Pano ndamva kuti ena akufuna ichotsedwe pa pulogalamu ya tsiku lathu la zisangalalo. Ine ndaima pano kupempha kuti isachotsedwe.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinawafotokozera amalume, omwe anakhalako ku Zambia ali mnyamata. Iwo sanaseke ayi. Anangoti, "Mphwanga, kafufuze dzina loti Amanaz pa YouTube, ukatero ubwere tikambirane." Kabandulo kanga kanathera pomwepo, koma sindikudandaula.

Amanaz linali gulu la anyamata asanu a ku Kitwe, kumigodi ya kopa. Anayamba mu 1973, ndipo mu 1975 anatulutsa chimbale chotchedwa Africa. Chimodzi chokhacho, basi. Nyimbo zamtunduwu amazitcha Zamrock, kutanthauza rock yosakaniza ndi kaimbidwe ka ku Zambia komweko. Zina anaimba m'Chingerezi, zina m'Chibemba, ndipo ina mutu wake ngakhale ifeyo tikuumva: "Khala My Friend". Mukaimvera, mulibe chothamangira mmenemo. Gitala amalowa pang'onopang'ono, woimba amachita ngati akulankhula ndi mnzake pakhonde usiku, ndipo mpata wapakati pa mawu amausiya dala kuti mtima wanu ulowemo.

Chomwe chinandidabwitsa n'choti chimbalechi chinatuluka mitundu iwiri. Mtundu wina mawu ndi ng'oma zimamveka pafupi, mbee. Mtundu winawo anauthira eko yambiri, moti mawu amamveka ngati akuchokera kutsidya la mtsinje, gitala n'kumayandama pamwamba. Nyimbo zomwezomwezo, koma kamvekedwe kosiyana. Anthu amenewa amayesa zinthu, samaopa.

Nthawi imeneyo Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti mwa nyimbo 100 zilizonse za pa wailesi, 95 zikhale za m'dzikomo, ndiye magulu ambiri anapeza mpata. Koma mtengo wa kopa utagwa, ndalama zinasowa, kenaka Edzi inatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Zimbale zija zinayamba kusowa ngakhale ku Zambia komweko. Patatha zaka 40, mu 2015, kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsanso Africa, mitundu yonse iwiri, ndipo lero anthu akuimvera m'maiko omwe anyamata aja sanawaganizireko n'komwe. Mu 2024 Tyler, the Creator wa ku America anatenga kachigawo ka nyimbo ya Ngozi Family, gulu lina la Zamrock la ku Lusaka, n'kuika mu nyimbo yake "Noid". Mtsogoleri wa gululo, Paul Ngozi, anamwalira kalekale mu 1989.

Mwina mukuti za ku Zambia izo. Chabwino, tibwerere kwathu. Alleluya Band inayamba pa Balaka pompa mu 1978, ndipo mmenemo munadutsa a Paul Banda ndi a Lucius Banda. Kaimbidwe kamene Malawi yense amati n'ka ku Balaka sikanagwe kumwamba. Anachita kukayesa achinyamata ngati ife tomwe. Nanga ifeyo tikamaseka aliyense woyesa chachilendo, chathuchathu chidzachokera kuti?

Musandimve molakwa, amapiano ndimavina, ndipo mukudziwa kuti sinditsalira. Koma si tsiku lililonse lomwe mtima umafuna kudumpha. Ambirife tinalemba mayeso a Fomu 4, tili pakhomo, tikudikira chomwe sitikuchidziwa. Kudikira kumeneko kulinso ndi nyimbo yake. Mukaima pamlatho wa Shire pa Liwonde dzuwa likulowa, madzi amaoneka ngati aima, chikhalirecho akuyenda ndi mphamvu. Nyimbo ya anzathuwa ndi yotero. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiye pempho langa lili pawiri. Choyamba, Loweruka likubwerali atiimbirenso, mafoni ali m'thumba, timvere mpaka kumapeto, kenaka tivote. Amene sadzaikondabe adzanene, ndi ufulu wake. Chachiwiri, tiijambule, ngakhale ndi foni, ndipo isungidwe ndi anthu atatu osiyana. Amanaz tikuwamva lero chifukwa anajambula, ndipo wina anasunga.

Kwa inu achimwene anayi, pepani chifukwa cha kuseka kuja. Magitala aja musawapachike.