ANA ATHU APHUNZIRE KULAMULA KOMPYUTA



Lero tasonkhana kuti tikambirane nkhani imene ena a ife tingaione ngati ya m'tauni kapena ya anthu ophunzira kwambiri. Nkhaniyi ndi yophunzitsa ana athu kulemba mapulogalamu a kompyuta. Tiona chifukwa chake ikutikhudza, tanthauzo la luso limeneli, ndi mmene ife pa parishi tingayambire ndi zochepa zimene tili nazo.

1. Kodi nkhaniyi ikutikhudza bwanji?

Taganizirani zimene timachita masiku onse. Timatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba. Ena timagula mayunitsi a magetsi pa foni. M'chaka cha 2017 boma lidalemba nzika ndi kupereka ziphaso za unzika. Mu 2018 kalembera wa chisankho adachitika ndi makina owerenga ziphasozo. Mu 2020 alimi ogula feteleza wotsika mtengo wa AIP ankayamba aonetsa chiphaso kuti chiwerengedwe pa foni. Kuseri kwa zonsezi kuli pulogalamu, ndipo pulogalamuyo ndiyo imanena kuti uyu alandire, uyu dzina lake palibe. Malamulo amene makinawo amatsata adalembedwa ndi munthu wina wake.

Tikumbukire kuti mu 1992 Aepiskopi athu adalemba kalata ya m'nyengo ya Lenti yotikumbutsa kuti nzika ili ndi ufulu wofunsa ndi wotenga mbali pa zinthu zokhudza moyo wake. Mu 1993 tidavota pa riferendamu. Masiku ano malamulo ena otilamulira akulembedwa m'kati mwa makina. Ngati ana athu adzangodziwa kudina mabatani, adzakhala otsata malamulo olembedwa ndi ena, osatha kufunsa ngati ali olungama kapena ayi. N'chifukwa chake tikuti nkhaniyi ndi ya chilungamo ndi chitukuko.

2. Kodi pulogalamu n'chiyani?

Pulogalamu ndi mndandanda wa malangizo amene munthu amapatsa kompyuta, lililonse pa malo pake. Amayi, inu mumadziwa kale zimenezi. Pophika nsima mumayamba mwatereka madzi. Akafunda, mumathira ufa pang'ono kuti likhale phala. Phala likawira, mumaonjezera ufa ndi kuvundula, kubwerezabwereza mpaka nsima italimba. Ngati yafewa, muonjezera ufa; ngati yalimba bwino, muomola. Mukasokoneza ndondomekoyi, nsima ituluka ya mibulu.

M'chitsanzo chimenechi muli mizati itatu ya pulogalamu iliyonse. Woyamba ndi ndondomeko: ichi chiyambe, icho chitsatire. Wachiwiri ndi kubwereza chinthu mpaka cholinga chitakwanira. Wachitatu ndi kusankha: ngati zili chonchi chita ichi, apo ayi chita icho. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana amene mukumuphunzitsa kuphika amatha kudzaza yekha zimene mwaiwala kunena, pamene pulogalamu imatsata zokhazo zimene zalembedwa. Tsono wolemba pulogalamu amaphunzira kuganiza mwadongosolo, kunena zinthu momveka, ndi kufufuza modekha pamene palakwika.

3. Kodi ana angathe zimenezi?

Inde angathe, ndipo si zachilendo. Mu 1967, ku America, Seymour Papert ndi anzake adapanga chiyankhulo cha kompyuta chotchedwa Logo, chopangira ana. Mwana ankalamula kafulu kuti kayende ndi kujambula mzere pomwe kadutsa. Akati, “Pita patsogolo, tembenuka madigiri 90, bwereza kanayi,” kafulu kankajambula bokosi la mbali zinayi zofanana. Bokosilo likapanda kutsekeka, mwana ankabwerera ku malangizo ake kukafuna cholakwika. Ife amene tidaphunzira zauphunzitsi tikudziwa kuti mwana amene wapeza yekha cholakwa chake saiwala msanga.

Mu 2007 sukulu ya ukachenjede ya MIT, ku America komweko, idatulutsa Scratch, yopangira ana a zaka 8 mpaka 16. M'menemo mwana amalumikiza tizidutswa ta malangizo monga mmene mmisiri amasanjira njerwa, ndipo amapanga nthano, nyimbo kapena masewera akeake. Scratch ndi yaulere, ndipo ikaikidwa pa kompyuta imagwira ntchito popanda intaneti. Achinyamata okulirapo amapitirira ku ziyankhulo zolemba ndi mawu, monga Python, imene idatuluka mu 1991. Ku England phunziroli lidalowa m'sukulu za boma mu 2014, kuyambira ana a zaka 5. Makolo athu adanena kale kuti kuongola mtengo m'poyamba.

4. Nanga ife opanda magetsi?

Ili ndi funso loona. Midzi yathu yambiri ilibe magetsi, ndipo makalasi ena ali ndi ana ochuluka kuposa mabuku. Koma chiyambi cha luso limeneli sichilira kompyuta. Ku New Zealand, mphunzitsi wina wa ku yunivesite ya Canterbury, Tim Bell, pamodzi ndi anzake, adakonza masewera ophunzitsira nzeru za kompyuta popanda makina alionse. Nazi zitsanzo ziwiri zimene tingachite pansi pa mtengo.

Choyamba: jambulani mabokosi pa dothi monga a masewera a phada. Mwana mmodzi akhale makina. Anzake alembe malangizo onse papepala asanayambe kuyenda: patsogolo katatu, kumanja kamodzi, patsogolo kawiri, mpaka akafike pomwe pali mwala. Wokhala makinayo atsate zolembedwazo basi, ngakhale akuona kuti akusokera. Akasokera, gulu lonse likhale pansi ndi kukonza pepalalo.

Chachiwiri: dulani makadi asanu, mujambulepo madontho 1, 2, 4, 8 ndi 16. Khadi lililonse likhoza kukhala loonekera kapena lovundikira. Auzeni ana aonetse nambala 13. Adzapeza kuti ayenera kuonetsa 8, 4 ndi 1, n'kuvundikira enawo. Ndi makadi asanu okha angathe kupanga nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 31. Umu ndi mmene kompyuta imasungira manambala, ndi zizindikiro ziwiri zokha, 1 ndi 0. Mwana wodziwa kuwerengera njira zake pa bawo sangavutike ndi zimenezi.

Pambuyo pake makina adzafunika ndithu. Kuyambira 2012 pali kakompyuta kotchedwa Raspberry Pi, kakang'ono ngati chiphaso cha unzika, kamene kamalumikizidwa ku wailesi ya kanema ndipo kamadya magetsi ochepa, oti sola ingakwanitse. Ngakhale kompyuta yakale ya mu ofesi ya parishi ingathandize ana atatu kapena anayi nthawi imodzi, akumasinthana.

5. Atsikana asatsalire

Pamene zipangizo zachepa, kawirikawiri mnyamata ndiye amakhala pa mpando, mtsikana n'kutumidwa kumadzi. Tisalole zimenezi. Mu 1965, sisitere wa Mpingo wathu, Mary Kenneth Keller, adali mmodzi mwa anthu oyambirira ku America kulandira digiri ya udokotala pa maphunziro a kompyuta, ndipo adakayambitsa gawo la maphunzirowa pa koleji ya Chikatolika ya Clarke. Kuno kwathu, Mayi Rachel Sibande adayambitsa mHub ku Lilongwe, malo ophunzitsirako achinyamata luso la makompyuta. Polemba maina a ana ophunzira, atsikana ndi anyamata akhale ofanana chiwerengero, ndipo nthawi ya phunziro isagundane ndi ntchito za pakhomo.

6. Luso ndi chikumbumtima

Mpeni womwewo umasenda mbatata, umavulazanso munthu. Luso la kompyuta lingathandize chipatala kusunga bwino kaundula wa mankhwala, lingagwiritsidwenso ntchito kubera okalamba ndalama za pa foni. Choncho phunziroli liyende pamodzi ndi chiphunzitso cha kuona mtima. Ana asasiyidwe okha pa makina, ndipo pakhale akuluakulu awiri odalirika nthawi zonse.

Tili ndi chitsanzo cha Carlo Acutis, mnyamata wa ku Italy amene adamwalira mu 2006 ali ndi zaka 15. Iye adagwiritsa ntchito luso lake la kompyuta kusonkhanitsa ndi kufalitsa mbiri ya zozizwitsa za Ukaristia. Papa Leo XIV adamulengeza kukhala woyera pa 7 September 2025. Fanizo la matalente, pa Mateyu 25, likutichenjeza za mtumiki amene adakwirira chuma chimene adapatsidwa. Nzeru za ana athu ndi chuma chotere, ndipo ife makolo tidzafunsidwa.

7. Tichitepo chiyani?

Mutu umodzi susenza denga. Mphakati uliwonse upeze wachinyamata amene adaphunzira za kompyuta ku sekondale kapena ku koleji, ndi kumupempha ola limodzi Loweruka. Tiyambe ndi masewera a pa dothi mwezi uno, osadikira thandizo lochokera kunja. Bungwe la parishi likambirane za chipinda, sola ndi kasungidwe ka zipangizo. Ife amene tili m'makomiti a sukulu tikafunse aphunzitsi aakulu zimene sukulu yakonza pa nkhaniyi. Ndipo mwana akabwera kunyumba, timufunse kuti, “Lero wapanga chiyani?” kenaka timvetsere akutifotokozera.

Mafunso okambirana m'miphakati

a) Ndi zinthu ziti m'mudzi mwathu zimene tsopano zikudalira foni kapena kompyuta? Zikalakwika, timakadandaula kwa yani?
b) Ndani pakati pathu angaphunzitse ana, ndipo tingamuthandize bwanji?
c) N'chiyani chingalepheretse atsikana kubwera, ndipo tichichotsa bwanji?

 Ambuye adalitse mabanja athu ndi ana athu onse.